Mvula Yasintha, Matenda Nawo Asintha Njira: Mudzi Ukonzekere Mitambo Isanade

Kale akuluakulu a kuno ku malire ankadziwa kayendedwe ka mvula popanda kumvera wailesi. Chizimalupsa chikagwa mu Okutobala, mwini munda ankadziwa kuti yakwana nthawi yotsiriza kugalauza. Mu Novembala mbewu inkalowa m'nthaka, Januwale unali mwezi wa khasu, ndipo pofika Epulo ana ankakhala akukukuta mondokwa. Lero funsani mlimi aliyense, kuyambira ku Cassacatiza, kudutsa ku Furancungo, Ulónguè ndi Zóbuè mpaka kutsikira ku Mutarara, akuuzani kuti kalendala ija inasokonekera. Chaka china mvula imachedwa mpaka Khirisimasi. Chaka china imayamba bwino, mbewu n'kumera, kenaka n'kudula masabata anayi chimanga chikumasula. Chaka chinanso mvula ya mwezi wathunthu imagwa m'masiku atatu.

Nkhani imeneyi timaikamba kwambiri ngati nkhani ya kumunda ndi ya nkhokwe. Koma ndi nkhaninso ya kuchipatala ndi ya kumanda. Madzi akasefukira, pambuyo pake pamabwera kolera. Zithaphwi zikachuluka, pambuyo pake pamabwera malungo. Chilala chikagwa, pambuyo pake ana amatupikana. Matenda amenewa sabwera mwadzidzidzi monga mmene timaganizira. Ali ndi nyengo yake ndiponso njira yake, ndipo chinthu chodziwika njira yake chimatheka kuchitchera msampha.

Zimene taona ndi maso athu

M'masiku oyamba a Malichi 2019, namondwe Idai asanafike n'komwe ku Beira, mvula yake inali itasefukiritsa kale mtsinje wa Revúbuè, ndipo mabanja ambiri a mu mzinda wa Tete anathawa m'nyumba zawo usiku. Pa 14 Malichi Idai anagwera pa Beira ndipo anapha anthu oposa 600 m'dziko lathu lino. Patangopita milungu isanu ndi umodzi, namondwe Kenneth anakantha Cabo Delgado. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Mu Malichi chaka chomwecho kunabwera Gombe. Mu 2023 kunabwera Freddy, amene anakhala ndi moyo masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense wolembedwa m'mabuku a zanyengo. Iyeyu analowa m'dziko lathu kawiri: poyamba ku Inhambane mu Febuluwale, kachiwiri kufupi ndi Quelimane pa 11 Malichi. Kuchoka apo anakagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, kumene abale athu a ku Malawi oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Chaka chotsatira, mu 2024, zinthu zinatembenuka: mvula inadula mu Febuluwale, chimanga chinapsa chili chiimire, ndipo maiko a Zambia, Malawi ndi Zimbabwe analengeza kuti agwa m'tsoka la chilala.

Anamondwe ndi chilala si zachilendo kuno. Amene anabadwa kale akukumbukira chilala cha 1992, chaka chimene nkhondo inatha. Chachilendo n'chakuti mavutowa akubwera motsatizana, mudzi usanapume. Akatswiri a zanyengo akuti gwero lake ndi utsi wa malasha, mafuta ndi gasi umene mafakitale ndi magalimoto akhala akutulutsa kwa zaka zoposa 150. Utsiwo umafunditsa dziko ngati bulangeti. Dziko lonse latentherapo kuposa digiri imodzi, ndipo chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo mwake chiyambire kuyeza. Nyanja ikafunda imatulutsa nthunzi yambiri, ndipo mitambo imanyamula madzi ochuluka. Akatswiri amene anafufuza za namondwe Ana anapeza kuti kutentha kwa dzikoku kunawonjezera mvula yake. Africa yense amatulutsa gawo lochepa kwambiri la utsiwo, koma amene akulira maliro ndi ife. Kudandaula n'koyenera, komabe kudandaula sikuphitsa madzi akumwa. Funso lathu n'lakuti: tichite chiyani mvula isanagwe?

Madzi akachuluka, ludzu limakula

Chodabwitsa cha chigumula n'chakuti madzi amakhala ponseponse koma akumwa palibe. Chimbudzi chikadzaza kapena kugwa, zonyansa zimayenda ndi madzi n'kukalowa m'chitsime chosaphimba, mu mtsinje ndi m'dambo. Kachilombo ka kolera kamalowa m'thupi kudzera pakamwa, m'madzi kapena m'chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala. Munthu amayamba kutsekula m'mimba madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, ndipo wamkulu wamphamvu zake akhoza kufa tsiku lomwelo chifukwa cha kutha madzi m'thupi.

Tiyeni tiyerekeze zochitika ziwiri. Idai atadutsa, kolera inagwira anthu oposa 6,000 ku Sofala, koma amene anafa sanakwane khumi. Chifukwa chake n'chakuti malo othandizira odwala anatsekulidwa msanga, madzi anathiridwa mankhwala, ndipo mu Epulo 2019 anthu oposa 800,000 a ku Beira, Dondo, Nhamatanda ndi Búzi anamwetsedwa katemera m'masiku ochepa. Koma ku Malawi, kolera imene inayamba mu Malichi 2022, namondwe Ana atadutsa, inafalikira dziko lonse ndipo inapha anthu oposa 1,700. Kuno kwathu mliri unayambira ku boma la Lago ku Niassa mu Sepitembala 2022, n'kufalikira m'zigawo zina kuphatikizapo Tete, ndipo Freddy atafika unakolera kwambiri ku Quelimane. Kachilombo n'kamodzimodzi. Chimene chimasiyanitsa moyo ndi imfa ndi liwiro la chithandizo. Wodwala akathandizidwa msanga, mwa anthu 100 amene amafa sakwana mmodzi.

Nazi tsono zimene banja lingachite mu Okutobala, nthaka ikadali youma. Chimbudzi chikumbidwe pamtunda, kumunsi kwa chitsime osati kumtunda kwake, ndipo chitalikirane ndi chitsimecho mamita 30 kapena kuposa. Pakamwa pa dzenje pakwezedwe ndi dothi kuti madzi othamanga asalowemo, ndipo denga likhale losadontha. Chitsime cha mudzi chimangiridwe khoma ndi chivundikiro. Komiti ya mjigo isonkhetse ndalama zogulira zipangizo nthawi ya malonda a mbewu, anthu ali ndi kangachepe m'thumba, chifukwa mjigo ukafa mu Febuluwale amayi amabwerera ku mtsinje. M'nyumba mukhale botolo la Certeza. Thirani monga mwa malangizo olembedwa pa botolopo ndipo dikirani theka la ola musanamwe. Ngati palibe, phitsani madziwo mpaka abwadamuke.

Wina akayamba kutsekula m'mimba, musadikire kuti kuche. Mpatseni madzi a paketi ya SRO imene imapezeka kuchipatala ndi kwa APE wa m'mudzi mwanu. Paketi ikasowa, tengani lita imodzi ya madzi aukhondo, thiranimo timasupuni ta tiyi 6 ta shuga tosasefukira ndi theka la kasupuni ka mchere. Azimwa pang'onopang'ono ali pa ulendo wa kuchipatala. Mwana woyamwa asaleke kuyamwa.

Mphekesera imapha kuposa kachilombo

Pali chinthu china chofunika kuchikamba poyera. M'Chipwitikizi mawu akuti cloro, mankhwala oyeretsa madzi, amamveka mofanana ndi cólera. M'maboma ena a ku Nampula ndi Zambézia, anthu akhala akuganiza kuti amene amathira mankhwala m'zitsime ndiwo akubweretsa matendawa. Azaumoyo ndi mafumu amenyedwa, nyumba zawo zatenthedwa, ndipo ena aphedwa. Mu Epulo 2024 anthu pafupifupi 100 anamira m'nyanja kufupi ndi Ilha de Moçambique, atadzazana m'boti la asodzi pothawa mphekesera za kolera. Ambiri mwa iwo anali ana.

Anthu sakhulupirira mlendo amene wangotulukira tsiku la maliro atanyamula chigubu cha mankhwala. N'chifukwa chake nkhani ya cloro iyenera kukambidwa pa bwalo la amfumu kukadali mtendere. Anamwino aitanidwe, athire mankhwalawo anthu akuona, ndipo amwe madziwo iwo eni pamodzi ndi amfumu, akulu a mpingo ndi asing'anga. Mudzi umene unaona zimenezi mu Okutobala sungathamangitse wothira mankhwala mu Febuluwale.

Malungo akukwera mapiri

Anthu a ku Tsangano ndi kumtunda kwa Angónia akhala akudalira kuzizira ngati linga lawo. Ali ndi chifukwa: kachilombo ka malungo kamafuna kufunda kuti kakhwime m'thupi mwa udzudzu. Kukazizira kwambiri, udzudzu umafa kachilomboko kasanakhwime. Kukafunda, kamakhwima m'masiku 10 mpaka 14, ndipo dzira la udzudzu limasanduka udzudzu wouluka m'sabata imodzi kapena kupitirira pang'ono. Ofufuza amene anayang'ana mabuku a zipatala za m'mapiri a ku Ethiopia ndi Colombia analengeza mu 2014 kuti m'zaka zotentha malungo amakwera kufika m'midzi ya pamwamba, ndipo m'zaka zozizira amatsikanso. Zimenezi zikutichenjeza ife a kumapiri. Choopsa n'chakuti munthu amene anakulira kumalo kopanda malungo ambiri thupi lake silinazolowere kulimbana nawo, choncho akamugwira amamugwetsa kwambiri, ngakhale akhale wamkulu.

Kumunsi, ku Mutarara ndi Doa, malungo ndi a chaka chonse, koma amachuluka patapita milungu ingapo madzi atasefukira, pamene zithaphwi zatsala m'mapazi a ng'ombe, m'maenje oumbira njerwa ndi m'mizere. Banja lothawa madzi limathawa ndi ana ndi ufa, neti n'kuisiya pakhoma, ndipo limakagona m'kalasi ya sukulu popanda chodzitetezera. Choncho neti ikhale m'gulu la katundu woyamba kunyamula. Neti si yophera matemba kapena kutchingira nkhuku ndi mbewu za kudimba. Mwana akatentha thupi ayezedwe magazi tsiku lomwelo, ndipo mankhwala amalizidwe masiku onse atatu ngakhale ataoneka kuti wachira. Katemera wa malungo wa ana aang'ono anayamba kuperekedwa m'dziko lathu mu Ogasiti 2024, kuyambira ku Zambézia. Funsani ku sikelo za katemerayu, koma dziwani kuti iye salowa m'malo mwa neti.

Chilala chili ndi matenda akenso

Amene anakhala m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, pamene anthu athu oposa miliyoni imodzi anali kumeneko, akukumbukira nthenda ija yosupula khungu pakhosi ndi m'manja, yotsekula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Dzina lake ndi pelagra. Mu 1990 inagwira othawa nkhondo oposa 18,000, mtedza utasiya kupezeka pa chakudya chogawidwa, anthu n'kumadya nsima yokhayokha. Nthenda yomweyo inaonekanso ku Sofala Idai atawononga minda. Phunziro lake n'lakuti mimba ikhoza kukhuta thupi likufa ndi njala. Munda wa chimanga chokha umagwa wonse mvula ikadula, koma munda umene muli nandolo, khobwe, mtedza, mapira, mbatata yofiira m'kati ndi chinangwa umasiyako china choti ana adye. Mfutso wa masamba ufutsidwe nthawi ya dzinja, ndipo si bwino kugulitsa nyemba zonse pa msika wa pa malire n'kutsala ndi ufa wokha.

Chinangwa nacho chili ndi chenjezo. M'chilala cha 1981, m'maboma ena a ku Nampula, anthu oposa 1,000, makamaka amayi ndi ana, anapuwala miyendo mwadzidzidzi. Kumeneko nthendayi amaitcha mantakassa. Anthu chifukwa cha njala ankadya chinangwa chowawa osachikonza mokwanira, ndipo chilala chimawonjezera ululu m'chinangwacho. Wopuwala motere sachira. Chinangwa chowawa chisendedwe, chiviikidwe m'madzi masiku angapo mpaka chifewe, ndipo chiume bwino chisanasinjidwe, ngakhale njala ikhale yotani.

Kutentha kwenikweniko nakonso ndi matenda. M'chigwa cha Zambezi, mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumadutsa madigiri 40. Okalamba, makanda, amayi oyembekezera ndi odwala mtima ndiwo amagwa msanga. Ntchito ya kumunda igwiridwe m'mamawa ndi madzulo, madzi amwedwe ludzu lisanafike, ndipo mitengo ya mthunzi ya pabwalo, pasukulu ndi pachipatala isasanduke makala.

Msewu ukaduka

Chipatala chikhoza kukhala ndi mankhwala, koma ngati pakati pa inu ndi chipatalacho pali mtsinje wodzaza, mankhwalawo ali ngati kulibe. Mudzi uliwonse umadziwa mtsinje umene umautsekera. Tsono mudziwo uyeneranso kudziwa anthu amene sangadikire kuti madzi aphwe. Oyamba ndi amayi oyembekezera amene masiku awo adzakwana pakati pa Januwale ndi Malichi. Zipatala zambiri zili ndi nyumba yodikirira amayi, ija amati casa de espera. Abambo ndi apongozi akonzeretu ufa, nkhuni ndi munthu woperekeza kuti mayi apite masabata awiri kapena atatu tsiku lisanafike. Kunyamula mayi wobereka pa machira usiku, mtsinje ukukokoma, ndi ulendo umene ambiri sanabwereko.

Achiwiri ndi amene amamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku: a ma ARV, a chifuwa chachikulu, a khunyu, a shuga ndi a kuthamanga kwa magazi. Pa nkhani iyi chigawo chathu cha Tete chinaphunzitsa dziko lonse. Kuno n'kumene mu 2008 anayambira magulu otchedwa GAAC, mmene anthu osapitirira asanu ndi mmodzi amasinthana kupita kuchipatala, mmodzi n'kukatengera anzake onse mankhwala. Njira imeneyi inayambika pofuna kuchepetsa mtunda ndi ndalama zoyendera, koma ndi yothandizanso kwambiri m'nyengo ya madzi. Amene akumwa bwino mankhwala awo akhoza kupempha kuti alandire a miyezi itatu nthawi imodzi. Pemphani mu Disembala. Makhadi a kuchipatala ndi a sikelo akulungidwe m'pulasitiki n'kuikidwa pamwamba, pamodzi ndi mankhwalawo.

Pulani ya boma, pulani ya mudzi

Boma lili ndi mbali yake. Bungwe loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi linakhazikitsidwa mu 1999 ndi dzina lakuti INGC, ndipo kuyambira 2020 limatchedwa INGD. Bungwe la INAM limalengeza za nyengo. Mu 2012 boma linavomereza ndondomeko ya dziko yolimbana ndi kusintha kwa nyengo, ndipo kuchokera pamenepo maboma ambiri akhala akulemba mapulani awoawo otchedwa Plano Local de Adaptação. Machenjezo a namondwe ali ndi mitundu itatu. Wobiriwira ngati thambo, azul, umatanthauza kuti namondwe akhoza kufika m'maola 24 mpaka 48. Wachikasu umatanthauza kuti afika maola 24 asanathe. Wofiira umatanthauza kuti watsala maola 6 kapena wafika kale. Mwana wa sukulu aliyense ayenera kudziwa mitundu imeneyi monga adziwira dzina la mfumu yake.

Koma pepala la ku likulu la boma silidziwa kuti chitsime cha kwa uje chimamira chaka chilichonse, kapena kuti agogo a kutsidya sangathe kuyenda. Zimenezi amadziwa ndi eni mudzi. M'madera ambiri muli makomiti a anthu odzipereka oona za ngozi, amene amamvera wailesi, kuchenjeza anzawo ndi kutsogolera othawa. Kumene komiti yotere ilipo, APE ndi azamba akhalemo, chifukwa kupulumutsa munthu m'madzi n'kukamusiya pa sukulu yopanda chimbudzi ndi kumuchotsa pa moto n'kumuika pa phulusa lotentha. Kumene kulibe, amfumu akaipemphe ku posto. Ndipo nthumwi zathu za ku Conselho Consultivo zipite kumisonkhano zitanyamula zinthu zotchulika maina: mlatho wakuti, mjigo wakuti, denga la chipatala chakuti limene mphepo ikhoza kusasula, firiji ya katemera imene imafuna magetsi a dzuwa. Zikafunsenso ngati pulani ya boma lathu ilipo, ndiponso ngati muli mawu okhudza zaumoyo. Wopita kumsonkhano chimanjamanja amabwerako ndi malonjezo okhaokha.

Udzudzu sufunsidwa chiphaso

Ife a m'malire tili ndi vuto lina ndiponso mwayi wina. Timagula ndi kugulitsa pa Lizulu, pa Calómuè, pa Biri-Biri ndi pa Zóbuè. Timakwatirana, timaikirana maliro, ndipo ena a ife chipatala chapafupi chili tsidya linalo. Madzi a mtsinje wa Shire amene amamiza Nsanje ndi omwewo amafika ku Mutarara. Kolera ikabuka mbali imodzi, imawoloka ndi mbale ya pamaliro kapena ndi chidebe cha thobwa cha pamsika. Choncho mbiri ya matenda iziwoloka msanga kuposa matendawo. Mafumu a mbali zonse ziwiri, amene ambiri ndi pachibale, azidziwitsana akaona anthu awiri kapena atatu akutsekula m'mimba m'mudzi umodzi. Wailesi za maiko onse awiri zimamveka kuno, ndipo chenjezo la mvula lochokera ku Blantyre kapena Lilongwe ndi lathunso. Pa maliro a munthu wofa ndi kolera, malangizo a azaumoyo atsatidwe ngakhale mtima ukuwawa: mtembo usasambitsidwe ndi manja, ndipo chakudya cha gulu chipewedwe. Paja akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Awerengi athu, palibe mudzi umene ungabweze namondwe kapena kuitana mvula. Koma mudzi ukhoza kukhala pansi pa mtengo tsiku limodzi mu Okutobala n'kuyankha mafunso ochepa. Madzi akabwera tithawira kuti, ndipo kumeneko kuli chimbudzi ndi madzi akumwa? Amayi oyembekezera ndi angati, ndipo apita liti kukadikira? Ndani amamwa mankhwala osadumphitsa? Ndani ali ndi wailesi ndi foni, ndipo adzaomba ng'oma ndani? Ndi nyumba ziti zilibe chimbudzi kapena neti? Mayankho alembedwe m'kope, kope lisungidwe kwa amfumu, ndipo chaka chamawa liwerengedwenso kuti tione pamene tinaphonya. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limafoleredwa dzuwa likuwala.